Mwana wayamba phala, chimbudzi chauma: zoyenera kuchita kunyumba ndi nthawi yothamangira kuchipatala

Mayi aliyense amene wayamwitsapo amachidziwa chimbudzi cha mwana wa bere lokha: chachikasu, chofewa, nthawi zina chokhala ndi timibulu ngati chambiko, fungo lake losathamangitsa munthu m'nyumba. Ndiye mwana akwanitsa miyezi 6, mwamuyambitsa phala monga anakuuzirani kusikelo, ndipo sabata isanathe thewera lasanduka lina. Chimbudzi chada, chalimba, chayamba kununkha ngati cha munthu wamkulu. Kenako padutsa masiku awiri osaona kanthu, mwana akuchima mpaka nkhope kufiira. Apa m'pamene malangizo amayamba kubwera kuchokera kumbali zonse, ena othandiza, ena ovulaza.

Mawu akuti kudzimbidwa timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri. Munthu akadya mopitirira muyeso mimba n'kufufuma timati wadzimbidwa, ndipo chimbudzi chikauma n'kumavuta kutuluka timateronso. Pano tikukamba chachiwirichi.

Choyamba: yang'anani m'thewera, musawerenge masiku

Makolo ambiri amayamba kuda nkhawa chifukwa chowerenga: dzulo sanachite, lero sanachite. Koma kuchuluka kwa masiku pakokha sikunena zambiri. Mwana woyamwa akhoza kukhala masiku angapo osachita chimbudzi, tsiku lochitalo n'kutulutsa chofewa bwinobwino, iye akusewera, akuyamwa, mimba ili yofewa. Ameneyo sanadzimbidwe. Wina amachita tsiku lililonse, koma chimene chikutuluka ndi timibulu touma ngati manyi a mbuzi, kapena chimpukutu cholimba chong'aluka chimene chimamuliza potuluka. Wodzimbidwa ndi ameneyu.

Kuchima nakonso kumanamiza. Mwana wamng'ono amakhala asanaphunzire kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi, kukankha ndi mimba kwinaku akumasula kotulukira. Ndiye amachima, kulira, kufiira, mwina kwa mphindi 10, pamapeto pake n'kutulutsa chofewa. Zimenezi zimatha zokha akamakula ndipo sizifuna mankhwala. Choncho chimbudzi chikatuluka, chikanikizeni ndi thewera lomwelo. Ngati chikuphwanyika mosavuta, cholimbirako ngati chiponde, mtima ukhale m'malo. Ngati chili gwa, pitirizani kuwerenga.

Pali zosintha zina zimene zimaopsa maso koma zilibe vuto. Mwana akadya nthochi, mumapeza timaulusi takuda tooneka ngati tinyongolotsi. Amayi ambiri athamangirapo kukagula mankhwala a njoka zam'mimba chifukwa cha timaulusi timeneti, chonsecho ndi ta nthochi yomwe ija. Akadya nkhwani kapena bonongwe chimbudzi chimabiriwira, akadya maungu kapena mbatata yofiira mkati chimafiirira. Makoko a nyemba ndi tizidutswa ta masamba zimatuluka momwe zinalowera chifukwa mwana alibe mano otafunira ndipo chakudya chimadutsa msanga m'matumbo mwake. Mwana amene akumwa mankhwala owonjezera magazi chimbudzi chake chimada. Zonsezi n'zachibadwa.

Chachiwiri: bere lisachepe chifukwa phala labwera

Chimene chimachitika m'matumbo n'chosavuta kumva. Zotsala za chakudya zikafika m'thumbo lalikulu, thupi limayamwamo madzi. Zikakhalitsa m'menemo, kapena thupi likakhala kuti likusowa madzi, zimayamwidwa mpaka kuuma. Mkaka wa m'mawere ndi madzi pafupifupi wonse ndipo umagayika mosavuta, n'chifukwa chake mwana wa bere lokha sadzimbidwa kawirikawiri. Vuto limayamba phala likalanda malo a bere. Mwana wakhuta phala m'mawa, mayi apeza mpata wopita kumunda kapena kumsika, wotsala naye amupatsanso phala masana, ndipo mwana amene ankayamwa kakhumi pa tsiku wayamba kuyamwa kanayi.

Pa miyezi 6 mpaka 8 chakudya chachikulu chikadali bere. Muyamwitseni kaye, phala libwere pambuyo. Poyamba masupuni aakulu awiri kapena atatu pa nthawi imodzi ndi okwanira, kawiri kapena katatu pa tsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo kusikelo amanena zomwezo. Kambale kodzaza kamene agogo ake amakondwera mwana akakamaliza nthawi zambiri n'kochuluka kwa mimba ya miyezi 6.

Madzi akumwa amayamba limodzi ndi chakudya. Akatha kudya mumwetseni pang'ono ndi kakapu koyera, madzi owiritsa n'kuzizira kapena othira mankhwala oteteza madzi. Theka la kapu pa tsiku lonse, kapena kupitirirapo pang'ono, n'lokwanira kwa mwana woyamwa bwino. Musamukhutitse madzi mpaka kukana bere. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mwana amene wakhala kumbuyo m'chitenje dzuwa lili phwee amatuluka thukuta lambiri, ndiye muyamwitseni pafupipafupi kuposa masiku ena. Chokuuzani ngati madzi akukwana ndi mkodzo: ukhale wotuluka kangapo pa tsiku, wosada, wosanunkha kwambiri.

Ngati mwana amamwa mkaka wa m'chitini, onaninso kasungunulidwe. Madzi amayamba kuthiridwa, mkaka pambuyo, ndipo kasupuni kake kadzaze mosaunjika, monga alembera pachitinipo. Kuwonjezera mkaka kuti mwana anenepe msanga kumaumitsa chimbudzi. Mkaka wa ng'ombe usakhale chakumwa chake asanakwanitse chaka. Tiyi asamwe n'komwe, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi, amene amathandiza kupanga magazi, m'chakudya.

Chachitatu: konzani za mumphika

Apa ndiye pagona nkhani. Phala loyamba m'nyumba zambiri ndi la ufa woyera, lothira shuga basi, poganiza kuti ndilo lofewa loyenera mimba yanthete. Koma taganizani mmene ufa woyera umapangidwira. Chimanga chimakonoledwa, gaga n'kupetedwa, mphale n'kuviikidwa masiku angapo, kutsukidwa, kuyanikidwa, kenako kugayidwa. Zimene zapita ndi gaga zija ndi zomwe zimathandiza chimbudzi kusunga madzi n'kumayenda. Chotsala chimakhutitsa, koma chikafika m'thumbo chimaumbika ngati dothi. Phala la mpunga woyera limachitanso chimodzimodzi.

Sinthani mupite ku mgaiwa. Usefeni bwino kuti zokhakhala zichoke, ndipo phala lipse mokwanira, lisakhale lothamangitsa. Likuni phala, amene ndi chimanga chosakaniza ndi soya, ndi wabwinonso. Musachite kuthira gaga wapadera m'phala la mwana poganiza kuti muthandiza. Mgaiwa pawokha wakwana.

Cholakwika china chimene ndachionapo kambiri n'chakuti mwana akadzimbidwa, amayi amasungunula phala mpaka kukhala lomwa. Mwana amakhuta madzi, chakudya chenicheni osalowa, ndipo sikelo imayamba kutsika. Phala likhale loti mukapendeketsa supuni lisamayenderere ngati madzi. Kufewa kwa chimbudzi kuchokere ku zimene mwathiramo. Thiranimo supuni yaing'ono imodzi ya mafuta ophikira, kapena supuni ya nsinjiro zosefa bwino zochokera ku mtedza wopanda chuku. Tengani masamba ophika, kaya nkhwani, bonongwe, kholowa kapena chisoso, muwapote kapena kuwasinja mpaka asalale, musakanize ndi phalalo. Msuzi wokha sukwanira, masamba enieniwo alowe. Therere limathandiza kwambiri chifukwa cha kuterera kwake, koma la mwana likhale lopanda soda kapena chidulo, ndiponso musamuthirire mchere. Maungu ndi mbatata yofiira mkati, zophika n'kukanya, ana ambiri amazikonda chifukwa n'zotsekemera kale. Nyemba, nandolo ndi khobwe ziphikidwe mpaka kufeweratu, muchotse makoko poyamba, mukanye.

Pa zipatso, ine ndimayamba ndi papaya wakupsa. Amapezeka nthawi yaitali pa chaka, safuna moto, mumangopala ndi supuni. Masupuni awiri kapena atatu m'mawa, ena madzulo. Mango akupsa bwino ndi abwino m'nyengo yake, makamaka opanda ulusi wambiri, ndipo peyala lokanya limabweretsa mafuta ake lokha. Lalanje mupatseni ndi minofu yake yomwe, mutachotsa nthanga ndi kakhungu kamkati. Amene ali m'tauni kapena kunja akhoza kupeza maprune, omwe ndi mapulamu ouma, m'masitolo aakulu: aviikeni m'madzi otentha mpaka afewe, muwasinje, mupatse mwana supuni imodzi kapena ziwiri. Chipatso chimenechi chili ndi mtundu wa shuga wotchedwa sorbitol umene umakokera madzi m'matumbo, ndipo chimagwira ntchito msanga. Madzi a maapozi osasakaniza ndi china chilichonse ali nayenso shuga ameneyu, ndipo masupuni aakulu awiri kapena anayi pa tsiku, kwa masiku ochepa, akhoza kuthandiza mwana woposa miyezi 6. Sobo ndi zakumwa za m'mabotolo si madzi a zipatso, musamupatse.

Nthochi ili ndi mbiri yoipa pa nkhaniyi, koma mlandu wake ndi wa theka. Yosapsetsa, yobiriwira kunsonga, imamangadi m'mimba. Yakupsa mpaka khungu kuchita madontho akuda sivuta kwenikweni. Ngati mwana wadzimbidwa kale, ipumitseni masiku angapo, papaya alowe m'malo mwake. Magwafa tonse tikudziwa zimene nthanga zake zinatichita tili ana. Ngati mukumupatsa, chotsani nthanga zonse. Mabisiketi, buledi woyera woviika m'tiyi ndi tokamba ta m'mapaketi zimakhutitsa mwana popanda chomuthandiza, ndipo pa masiku amenewa zisiyeni.

Musasinthe zonse tsiku limodzi. Lero sinthani ufa ndi kuthira mafuta, mawa onjezani papaya, mkuja masamba. Mukatero mudzadziwa chimene chamuyanja ndi chimene chamupweteka m'mimba. Ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha: chakudya cha lero sichifewetsa chimbudzi chimene chinauma kale dzana. Choyamba kutuluka chidzakhalabe cholimba. Kusintha kumaoneka pakatha masiku awiri kapena atatu.

Chachinayi: muthandizeni ndi manja

Sankhani nthawi imene mwana sali wokhuta kwambiri ndiponso sakulira, monga akangotha kusamba madzi ofunda. Mugonekeni chagada pachitenje, pakani timafuta pang'ono m'manja mwanu. Thumbo lalikulu limayambira m'munsi mwa mimba kudzanja lamanja la mwana, limakwera mpaka pansi pa nthiti, limadutsa kupita kumanzere, n'kutsika. Zala zanu zitsate njira yomweyo, mozungulira mchombo monga umayendera muvi wa wotchi, mosakanikiza kwambiri. Mphindi zitatu kapena zisanu zakwana. Kenako gwirani timiyendo, muziyendetsa ngati akupalasa njinga, ndipo pomaliza pindani maondo onse awiri afike pamimba, gwirani kanthawi, tambasulani. Akayamba kulira kapena kulimbitsa mimba, siyani.

Matumbo amadzuka mwana akangodya, choncho pakapita mphindi zingapo atadya ndi nthawi yabwino yomugwira monga amachitira amayi akumudzi: mwamukhazika pamapazi panu kapena mwamunyamula msana wake utatsamira pamimba panu, maondo ake ali m'mwamba. Kuchita chimbudzi chogona chagada n'kovuta ngakhale kwa munthu wamkulu. Masana mutsitseni kumbuyo, akhale chafufumimba pamphasa ali maso, agubuduke, akwawe. Mwana wokhala pamsana tsiku lonse matumbo ake amachita ulesi.

Chachisanu: zimene simuyenera kuchita, ngakhale anene ndani

Kasopo kosongola kolowetsa kumatako ndi njira yakale imene ambiri tinaionapo, ndipo amene amailimbikitsa sanama akamati chimbudzi chimatuluka. Chimatuluka chifukwa sopo amawotcha khungu lanthete la m'kati, thumbo n'kukankha pofuna kuchotsa chowawacho. Mukabwereza kangapo mumasiya zilonda, ndipo mwana amayamba kuopa chimbudzi. Chala, kamtengo, phesi la tsamba, kapena kupopera madzi ndi mankhwala azitsamba kumatako, zonsezi zikhoza kuboola kapena kuwotcha thumbo. Mankhwala otsekula m'mimba a anthu akuluakulu, mafuta a nsatsi ndi zitsamba zomwetsa zikhoza kumutsekula mpaka madzi kutha m'thupi, ndipo mwana wa miyezi 7 alibe madzi ambiri oti ataye.

Uchi usalowe m'kamwa mwa mwana asanakwanitse chaka. Umatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda otchedwa botulism, amene amafooketsa minofu mpaka mwana kulephera kuyamwa ndi kupuma, ndipo chizindikiro chake choyamba nthawi zambiri ndi kudzimbidwa komweko.

Kukana malangizo a apongozi si chinthu chapafupi, makamaka mukukhala pakhomo pawo. Mawu amene amathandiza ndi oti, "Amayi, kusikelo anatiletsa sopo, akuti amasiya zilonda. Tiyeni tiyese papaya masiku awiriwa, zikakanika tipitire limodzi kuchipatala." Bambo a mwana akhalepo ponena zimenezi, chifukwa mawu akachokera kwa mwana wawo amamveka msanga. Amene amatsala ndi mwana masana, kaya ndi wantchito kaya ndi mng'ono wanu, muuzeninso, ndipo mumusonyeze muyeso wa phala ndi madzi.

Mukaona kamzere ka magazi

Chimbudzi cholimba chimatha kung'amba pang'ono khungu la potulukira. Mudzaona kamzere ka magazi ofiira pamwamba pa chimbudzi kapena pa kansalu kopukutira, ndipo mwana amalira mokuwa pochita. Kachilonda kameneka n'kakang'ono koma kamayambitsa vuto lalikulu: mwana amaphunzira kuti chimbudzi chimawawa, ndiye chikamubwerera amaumitsa thupi, kuwongola miyendo, kufinya matako. Inu mumaona ngati akukankha pamene iye akubweza. Chobwezedwacho chimaumiratu, ndipo potuluka chimang'ambanso pomwe paja. Musapukute mokhula, tsukani ndi madzi ofunda, umitsani mogunditsa kansalu kofewa, pakani Vaseline kunja kokha. Ndipo pitani naye kuchipatala akamuone, chifukwa apa chakudya chokha nthawi zina chimachedwa. Kuchipatala akhoza kumulembera mankhwala ofewetsa chimbudzi monga lactulose, pa muyeso wolingana ndi msinkhu ndi kulemera kwake. Mukapatsidwa, musasiye tsiku limene chimbudzi chafewa koyamba. Tsatirani masiku amene akuuzani kuti kachilondako kapole ndipo mantha amuchoke.

Nthawi yosiya zonse n'kunyamuka

Pali zizindikiro zimene sizidikira papaya. Mimba ikatupa n'kulimba ngati ng'oma, mwana akamasanza mobwerezabwereza, makamaka masanzi obiriwira, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ndipo musamupatse chakudya panjira. Chimodzimodzi mwana akamalira mwadzidzidzi mopinda miyendo, n'kukhala chete mofooka, n'kuyambiranso, kapena akatulutsa chimbudzi cha magazi osakanikirana ndi zonanda ngati mamina. Zimenezi zimachitika thumbo likalowa m'thumbo linzake, vuto limene limakonda ana a msinkhu womwewu ndipo limafuna chipatala chachikulu msanga. Kutentha thupi, kukana bere, kugona kosadzutsika bwino, kulobodoka khosi ndi manja, chimbudzi chotuwa ngati phulusa, kapena chakuda bii ngati phula pamene mwana sakumwa mankhwala owonjezera magazi, zonsezi n'zofuna dokotala tsiku lomwelo.

Zina sizofuna kuthamanga usiku koma musazisiye. Ngati mwasintha chakudya kwa sabata imodzi chimbudzi n'kukhalabe cholimba, pitani. Ngati sikelo yaima kapena ikutsika, pitani. Ndipo ngati vutoli silinayambe ndi phala koma mwana wakhala akuvutika chibadwire, makamaka ngati chimbudzi chake choyamba chakuda chija chinachedwa kupitirira maola 48 atabadwa, nenani zimenezi momveka bwino. Pali matenda obadwa nawo, monga a Hirschsprung, amene mbali ina ya thumbo imakhala yopanda mitsempha yokankhira chimbudzi, ndipo amenewo sathera kukhitchini.

Kusintha kwina kumapita mbali inayo. Mwana akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposerapo pa tsiku limodzi, kumeneko ndi kutsekula m'mimba, ndipo pa msinkhu uwu kumabwera kawirikawiri chifukwa chakudya, madzi, ziwiya ndi manja ake okwawira pansi zonse zikulowa m'kamwa. Musati ndi mano akumera n'kukhala pansi. Pitirizani kuyamwitsa ndi kudyetsa, yambani Thanzi ORS, ndipo kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala mukalandire mapiritsi a zinki, amene mwana amamwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsekulako kutasiya. Liwombo likalowa, maso akalowa, mkodzo ukasowa, madzi atha m'thupi. Liwombolo silifuna mankhwala opaka, likufuna madzi, ndipo mwanayo afike kuchipatala msanga. Phala lotsala m'mawa lisadyedwe masana lisanawiritsidwenso, ndipo manja asambidwe ndi sopo mukatha kusintha thewera komanso musanayambe kudyetsa.

Popita kuchipatala tengani buku la mwana la kusikelo, ndipo konzekerani kuyankha mafunso awa: anachita liti chimbudzi komaliza ndipo chinali chotani, anayamba liti phala ndipo ndi la ufa wanji, akuyamwa kangati, akukodza bwanji, mwamupatsa chiyani kale. Ngati sopo kapena zitsamba zinalowa, nenani osabisa, chifukwa wokuthandizaniyo afunika kudziwa chimene akuyang'ana. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani thewera lomalizalo musanalichape.